Keystone Law: kodi imamuthandizadi loya amene akulera ana?

Keystone Law ndi kampani ya maloya ya ku England imene James Knight anaiyambitsa m'chaka cha 2002. Likulu lake lili pa Chancery Lane mu London, koma mutapitako Lachiwiri m'mawa simungawapeze maloya ake oposa 400 atadzazana m'maofesi. Ambiri amakhala ali kunyumba kwawo, ena m'timaofesi ta lendi pafupi ndi kumene amakhala, ndipo kulikuluko amapitako akafuna chipinda chokumaniranamo ndi kasitomala. Mu Novembala 2017 kampaniyi inalowa pa msika wa masheya wa AIM, choncho chaka ndi chaka imatulutsa poyera mmene chuma chake chayendera, ndipo loya amene akuganiza zolowako akhoza kuwerenga yekha malipotiwo asanalankhule ndi wina aliyense.

Keystone sikulembani ntchito ayi. Mumasainirana nayo mgwirizano ngati munthu woima payekha, kawirikawiri kudzera m'kakampani kanukanu kolembetsa ku Companies House, ofesi ya boma yolembetsa makampani, ndipo imakutchulani kuti Principal. Palibe malipiro a pamwezi, palibe bwana woyang'ana wotchi mukamalowa, palibenso chiwerengero cha maola chimene mukuyenera kukwanitsa pachaka. N'chifukwa chake tikuiunika ngati chinthu chimene loya amagula ndi gawo la ndalama zake. Maganizo athu ndi akuti kwa loya amene ali kale ndi makasitomala omutsatira komanso ndalama zosunga zokwana miyezi isanu ndi umodzi, iyi ndi njira yabwino kwambiri yolerera ana popanda kutaya ntchito imene anaivutikira. Kwa amene alibe ziwirizi, ufulu umene akuuonera patali ukhoza kusanduka nkhawa yoposa imene akuithawa.

Tiyambe ndi kagawidwe ka ndalama, poti zonse zagona pamenepo. Pa £100 iliyonse imene kasitomala walipira, osawerengera VAT, amene wagwira ntchitoyo amatenga £60, amene anabweretsa kasitomalayo amatenga £15, ndipo £25 yotsalayo ndi ya kampani. Ngati kasitomala ndi wanu ndipo ntchito mwagwira nokha, mumatenga £75. Tingoyerekezera ndi mayi amene akufuna kugwira ntchito ana akakhala kusukulu basi. Akalipiritsa maola 12 pasabata, masabata 40 pachaka, pa mtengo wa £220 pa ola, mabilu ake akwana £105,600. Makasitomala onse akakhala ake atenga £79,200, koma akamangogwira ntchito zopatsidwa ndi anzake atenga £63,360. Msonkho sunachotsedwe pamenepa, penshoni palibe amene akumuikira, ndipo tawerengera ngati kasitomala aliyense walipira mpaka khobidi lomaliza, zimene sizichitikachitika.

Maola 12 olipiritsa si maola 12 okhala pa desiki. Maloya a ku England amalemba nthawi m'timagawo ta mphindi zisanu ndi imodzi, khumi pa ola, ndipo pali ntchito zambiri zimene simungaziike pa bilu ya munthu: kutsegula failo, kulemba kalata yofotokozera kasitomala mmene mugwirire naye ntchito, kukonza bilu yeniyeniyo, kuimbira amene akuchedwa kulipira, maphunziro oonjezera, ndi kumwa khofi ndi akauntanti amene mwina adzakutumizirani kasitomala miyezi itatu ikubwerayi. Kuti mulipiritse maola 12, werengerani maola 18 kapena 20. Amene amapanga bajeti ya sukulu ya mkaka poganizira maola olipiritsa okha amadzapezeka akulemba makalata 11 koloko usiku.

Nanga £25 ija imagula chiyani? Apa ndi pamene Keystone imaonetsa phindu lake, ndipo amene amadandaula kuti ndi yochuluka nthawi zambiri amakhala asanayesepo kuyendetsa ofesi yawoyawo. Bungwe loyang'anira maloya la SRA limafuna kuti kampani ya maloya ikhale ndi inshuwalansi yolipira kasitomala ngati loya walakwitsa, yosachepera £2 miliyoni pa dandaulo lililonse, kapena £3 miliyoni ngati inalembetsedwa ngati kampani kapena LLP (mgwirizano umene eni ake ali ndi malire pa ngongole zake). Mukatseka ofesi yanu mumayeneranso kugula inshuwalansi yophimba zaka zisanu ndi chimodzi zotsatira, ndipo mtengo wake nthawi zambiri umaposa kawiri wa chaka chimodzi. Ofesi iliyonse imayenera kukhala ndi munthu woona kuti malamulo akutsatidwa, amene amamutcha COLP, ndi wina woona za ndalama, COFA. Imayenera kusunga ndalama za makasitomala mu akaunti yapadera, kufufuza ngati kasitomala watsopano sakukangana ndi wina amene kampani ikumuimira kale, ndi kutsimikiza kumene ndalama zake zachokera motsatira malamulo a 2017 oletsa kubisa ndalama zakuba. Zonsezi Keystone imasenza. Ilinso ndi pulogalamu yake ya pa intaneti yotchedwa Keyed-In, momwe mumatsegulira mafailo, kulemba nthawi ndi kutulutsa mabilu. Kwa kholo limene lili ndi maola asanu okha pakati pa kusiya ana ndi kukawatenga, kuchotseredwa mtolo umenewu n'kwamtengo wapatali.

Njira ina ilipo yoti osagawana ndi aliyense. Kuyambira Novembala 2019, SRA imalola solicitor, kutanthauza loya amene ili ndi udindo womuyang'anira, kugwira ntchito payekha popanda kulembetsa ofesi. Koma kuti azigwira ntchito zosungidwira maloya okha, monga kuyendetsa mlandu kukhoti, ayenera kukhala atagwira ntchito zaka zitatu, saloledwa kulemba munthu ntchito, saloledwa kusunga ndalama za kasitomala kupatula za malipiro ake ndi zolipirira zinthu za pamlanduwo, ndipo inshuwalansi adzipezere yekha. Loya woyendetsa zogulitsa ndi kugula nyumba njira imeneyi siingamuthandize n'komwe.

Chimene chimagwetsa anthu ambiri m'chaka choyamba ndi kuchedwa kwa ndalama. Keystone imakulipirani kasitomala akalipira, osati bilu ikatuluka. Mukayamba mu Januwale, sabata zoyamba zimathera pa kusamutsa mafailo ndi kusainitsa makasitomala makalata atsopano. Bilu yoyamba imatuluka kumapeto kwa Januwale kapena Febuluwale, kasitomala amatenga masiku 30 kapena 60, ndiye ndalama yooneka imayamba kulowa cha mu Epulo. Pamilandu imene malipiro amabwera nkhani ikatha, monga kugawa chuma cha masiye, mukhoza kudikira kuposa pamenepo. Nthawi yonseyi ngongole ya nyumba ndi bilu ya sukulu ya mkaka sizidikira. Mankhwala ake ndi odziwika koma ambiri amachita nawo manyazi: pemphani kasitomala aikiretu ndalama mu akaunti ya makasitomala musanayambe ntchito, tulutsani bilu mwezi uliwonse m'malo modikira kuti nkhani ithe, ndipo bilu ikapitirira masiku ake imbani foni sabata yomweyo. Kumene munali kale kunali dipatimenti yothamangitsa angongole imene makasitomala ankaiopa. Kuno ofesi yapakati imathandiza, koma amene wagona ndi njala kasitomala akazemba ndi inuyo.

Za msonkho tingodutsa mwachangu, poti akauntanti wanu ndiye adzalongosola bwino. Woima payekha amalipira HMRC, bungwe la boma lotolera misonkho, pa 31 Januwale ndi pa 31 Julayi, ndipo ulendo woyamba amalipira msonkho wa chaka chathacho pamodzi ndi theka la wa chaka chimene chili mkati, zimene zimadzidzimutsa ambiri. Wa kakampani amalipira msonkho wa kampani wa pakati pa 19 ndi 25 peresenti. Ndalama zolowa zikaposa £90,000 m'miyezi 12, muyenera kulembetsa VAT. Tsegulani akaunti yachiwiri ndipo ndalama ikangolowa, patulani pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu tsiku lomwelo.

Nkhani ya uchembere ndi imene timaona kuti anthu amailumpha akamayamikira makampani a mtundu umenewu. Mayi wolembedwa ntchito ku Britain amalandira Statutory Maternity Pay kwa masabata 39, ndipo masabata asanu ndi limodzi oyamba amalandira 90 peresenti ya malipiro ake. Makampani akuluakulu a maloya amaonjezerapo, ena mpaka malipiro athunthu kwa miyezi ingapo. Ku Keystone zimenezi kulibe chifukwa si abwana anu. Ngati munalembetsa ngati woima payekha, mumapempha Maternity Allowance ku boma, imene m'chaka cha msonkho cha 2025/26 sinkaposa £187.18 pasabata, ndipo imatsika mpaka £27 ngati zopereka zanu za National Insurance sizili bwino. Mumaloledwa kugwira ntchito masiku khumi okha popanda kutaya ndalamayo. Ngati muli ndi kakampani, mukhoza kudzilipira nokha Statutory Maternity Pay n'kukaitenganso ku HMRC, koma imawerengedwa potengera malipiro a pamwezi amene mumadzipatsa. Ambiri amadzipatsa malipiro ochepa n'kumatenga zotsalazo ngati phindu la masheya, ndipo phindulo siliwerengedwa. Bambo woima payekha ndiye salandira kalikonse mwana akabadwa.

Chimene chimapepuza n'chakuti kagawidwe kaja kamagwira ntchito ngakhale muli pa tchuthi. Mukapereka mafailo anu kwa mnzanu wa mu Keystone momwemo, iye amatenga £60 yake, inu £15 yanu imabwerabe chifukwa kasitomala ndi wanu. Koma mnzanuyo mumusake mimba ikadali yaing'ono, mumudziwitse kwa makasitomala pamaso kapena pa vidiyo, ndipo mugwirizane polemba kuti mukabwerera mafailo abwerera kwa inu. Malangizo athu kwa amene akuyembekezera kukhala ndi mwana posachedwa ndi akuti abereke ali pantchito yolembedwa, adye tchuthi chake chonse, kenako asamuke. Aonetsetsenso kontrakiti yake, chifukwa makampani ena amafuna ndalama zoonjezera zija zibwezedwe ngati mayi wachoka asanathe miyezi yoikika atabwerera.

Ufulu wa nthawi nawo umasiyana malinga ndi mtundu wa ntchito, ndipo apa Keystone singasinthe kanthu chifukwa wotchi ndi ya khoti ndi ya mabanki. Sukulu za pulayimale ku England zimaweruka cha m'ma 3 koloko kapena 3:30 masana. Pogula nyumba, malamulo ofala a mgwirizano amati ndalama zikafika itadutsa 2 koloko masana zimatengedwa ngati zafika tsiku lotsatira la ntchito, ndipo anthu ambiri amasamuka Lachisanu. Pakakhala mndandanda wa nyumba zinayi zodalirana, ndalama zikachedwa pa nyumba yoyamba, loya wa nyumba yomaliza amapezeka ali pageti la sukulu foni ili kukhutu, kasitomala wake ali panja pa nyumba ndi lole yodzaza katundu akudikira makiyi. Pamilandu ya kukhoti, woweruza amakonda kulamula kuti zikalata zifike pofika 4 koloko masana, ndipo chikalata chotumizidwa pa imelo itadutsa 4:30 chimatengedwa kuti chafika tsiku lotsatira la ntchito. Milandu ina ing'onoing'ono imamvedwa pa vidiyo, koma tsiku ndi ola amasankha ndi khoti. Ntchito zimene zimagwirizana bwino ndi kulera ndi zolemba makontrakiti a malonda, zolangiza olemba anthu ntchito, zolemba mawilo, ndi za umwini wa zizindikiro za malonda, chifukwa zambiri mukhoza kuzikankhira m'mawa kapena ana akagona. Wa milandu ya kukhoti akhale ndi munthu wachiwiri wokatenga ana, wolembedwa dzina ku ofesi ya sukulu, chifukwa aphunzitsi sapereka mwana kwa munthu amene sali pa mndandanda.

Keystone imalola Principal kulemba loya wamng'ono kapena womuthandiza wakewake, ndipo kagulu kameneka amakatcha Pod. Kwa kholo, ameneyu ndiye amagwira foni 3 koloko ikakwana. Koma malipiro ake amachokera m'gawo lanu, mwezi wabwino ndi woipa womwe.

Chinsinsi cha kasitomala sichichepa mphamvu chifukwa choti muli kunyumba. Pamafunika chipinda chotsekeka, kabati ya loko, makina odula mapepala mopingasa osati ongong'amba mizeremizere, ndi kompyuta imene mwana sagwiritsa ntchito polemba homuweki. Mahedifoni amabisa mawu a kasitomala koma sabisa anu, ndiye ngati m'nyumba muli wolera ana kapena mlendo, tsekani chitseko. Mu 2020 kampani ya Mishcon de Reya inalangiza antchito ake kuti azizimitsa timakina tomvera mawu monga Alexa akamakamba za makasitomala, ndipo langizolo likadali labwino. Imelo ikapita kwa munthu wolakwika, uzani kampani nthawi yomweyo, chifukwa ngati nkhaniyo ndi yofunika kukanena ku ICO, bungwe loona za chitetezo cha zinsinsi za anthu, lamulo limapereka maola 72 okha. Akuba a pa intaneti nawo amakonda Lachisanu masana: amatumiza imelo yooneka ngati ya kasitomala yonena kuti nambala ya akaunti yasintha. Mu ofesi mumatha kutembenuka n'kufunsa mnzanu, kunyumba mulibe woti mum'funse. Imbani pa nambala imene ili kale mu failo, osati imene ili mu imeloyo, ndalama isanatuluke.

Pali msampha wina umene umagwira amene zinthu zawayendera. Kuyambira Sepitembala 2025, makolo ogwira ntchito ku England amalandira maola 30 pasabata a chisamaliro cha ana cholipiridwa ndi boma, kwa masabata 38 pachaka, kuyambira teremu yotsatira mwana atakwana miyezi isanu ndi inayi. Palinso Tax-Free Childcare, pomwe boma limaonjezera £2 pa £8 iliyonse, mpaka £2,000 pachaka pa mwana mmodzi. Zonse ziwiri zimatha ngati kholo limodzi lapeza zoposa £100,000 pachaka, ngakhale ndi paundi imodzi. Wolembedwa ntchito amadziwiratu malipiro ake, koma wa Keystone bilu imodzi yaikulu yolipiridwa mu Malichi ikhoza kumudumphitsa mzerewo. Kuika ndalama mu penshoni kumatsitsa chiwerengero chimene boma limayang'ana, ndiye muzikhala pansi ndi akauntanti mu Januwale, chaka cha msonkho chisanathe pa 5 Epulo.

Keystone si yokhayo. Gunnercooke, imene inayamba mu 2010, Setfords ndi Taylor Rose zimayenda m'njira yofanana, ndipo zina zimalengeza gawo lokwererapo. Poyerekeza, musangoyang'ana peresenti. Funsani kuti ndani amalipira gawo loyamba la inshuwalansi pakabuka dandaulo, ndani amalipira chiphaso chanu cha SRA chimene chimakonzedwanso mu Okutobala chaka chilichonse, ngati mabuku a malamulo a pa intaneti ali m'kati mwa mtengowo, ndiponso zimene zimachitikira mabilu osalipiridwa tsiku limene mudzachoke.

Kwa loya amene alibe makasitomala ake, makamaka amene wakhala pakhomo zaka zingapo akulera, khomo loyenera kugogoda ndi lina. Obelisk Support, imene Dana Denis-Smith anaiyambitsa mu 2010, inakhazikitsidwa poganizira anthu oterewa, ndipo imapezera maloya ntchito za maola ochepa kapena za kunyumba m'makampani ofuna thandizo. Zina zogwira ntchito yofananayo ndi izi: Lawyers On Demand inayamba mu 2007, pomwe Peerpoint ya Allen & Overy ndi Vario ya Pinsent Masons zinayamba mu 2013. Kumeneku kasitomala amakupezerani ndi iwo, ndipo mumalipidwa pa ola kapena pa tsiku. Kuipa kwake n'kwakuti maola amaika ndi kasitomala, kontrakiti ikatha pakhoza kudutsa masabata ina isanapezeke, ndipo kuyambira Epulo 2021 makampani akuluakulu ndi apakati ndi amene amagamula ngati ntchitoyo ili pansi pa malamulo a msonkho a IR35. Akagamula choncho mumadulidwa msonkho ngati wolembedwa ntchito koma popanda zabwino zambiri za wolembedwa ntchito. Komanso musanatule pansi udindo kumene muli, kumbukirani kuti kuyambira pa 6 Epulo 2024 wantchito aliyense ali ndi ufulu wopempha kusintha maola kapena malo ogwirira ntchito kuyambira tsiku loyamba, kawiri pa miyezi 12, ndipo bwana ayenera kuyankha pasanathe miyezi iwiri. Akhoza kukana, koma pa zifukwa zisanu ndi zitatu zokha zimene lamulo linatchula.

Kwa Amalawi ndi anzathu a ku Zambia ndi Zimbabwe amene ali ku Britain, pali zinthu zina zofunika kuziona. Kawirikawiri muyenera kukhala solicitor wa ku England ndi Wales, ndipo kuyambira 2021 njira yake ndi mayeso a SQE. Amene anavomerezedwa kale kukhala loya kwawo akhoza kupempha SRA kuti asalembe gawo lachiwiri la mayesowo. Chachikulu ndi viza. Ya Skilled Worker imakumangirirani kwa bwana amene anakuitanitsani, choncho kukhala Principal woima payekha kumatheka kwa amene ali ndi chilolezo chokhazikika, unzika, kapena viza ya banja imene imalola bizinesi. Maganizo opita ndi ana kumudzi pa tchuthi chachitali cha Julayi ndi Ogasiti n'kumagwirira ntchito ku Lilongwe kapena ku Blantyre ndi okoma, ndipo nthawi imalola poti m'miyezi imeneyo Malawi amakhala patsogolo ndi ola limodzi lokha. Koma pemphani chilolezo cha kampani polemba musanagule tikiti, chifukwa kutsegula mafailo a makasitomala muli kunja kwa Britain kumakhudza malamulo oteteza zinsinsi za anthu komanso inshuwalansi. Konzaninso invetala ndi intaneti yachiwiri ya pa foni, magetsi akathima tsiku lotumiza zikalata kukhoti.

Chomaliza choyang'ana musanapite kukacheza ndi a Keystone ndi kontrakiti ya kumene mukugwira panopa. Ambiri amakhala ndi notisi ya miyezi itatu kapena isanu ndi umodzi, ndipo pamwamba pake pamakhala ndime yoletsa kukopa kapena kugwira ntchito ndi makasitomala a kampaniyo kwa miyezi 6 mpaka 12 mutachoka. Kasitomala ali ndi ufulu wosankha loya amene akufuna, koma ndime imeneyi ikhoza kukuletsani inuyo kumulandira, ndipo kukopera mndandanda wa makasitomala pa kompyuta ya kampani ndi mlandu umene ungakufikitseni ku SRA. Lembani mayina a makasitomala amene mukukhulupirira kuti angakutsatireni, chotsanipo onse amene ndimeyo ikuwakhudza, otsalawo muwadule pakati, ndipo muone ngati 75 peresenti ya mabilu awo ingakwanitse kulipira nyumba ndi sukulu ya mkaka m'chaka choyamba. A Keystone nawonso akhoza kukufunsani chiwerengero chomwecho mukakumana nawo.